Dzanja Lisafike pa Khutu

Ba Zulu tinawaika Loweruka lapitali, ndipo anthu tinali ochepa moti nyimbo inkazimirira tisanafike pakati. Ine zinandipsetsa mtima. Ana ambirimbiri a m'komboni yathu, Kanyama wakale, anadutsa m'manja mwa mayi ameneyu. Ena lero akuyendetsa maminibasi, ena ali ndi masitolo m'tauni, koma kumanda kunali ife nkhalamba zokhazokha ndi achibale angapo ochokera ku Katete. Mbusa amene analalikira ndi wachinyamata, sankawadziwa n'komwe. Anati malemuwa anali mayi wofatsa. Ndinachita kudzigwira pakamwa kuti ndisaseke pamaliro, chifukwa ba Zulu sanafatsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ine ndinali wophika phala pa nasale yawo. Nasaleyo inali ya boma, sukulu ya tiana tosafika msinkhu wa Giredi Wani, ndipo inkachitikira m'holo ya welofeya kuseri kwa msika. Sinali ya mwana aliyense. Kunkabwera ana amene sikelo ya ku kiliniki inkabwerera m'mbuyo, ana amasiye, ana a amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Boma linkatumiza unga wa chimanga wophikira phala, shuga ndi mkaka wa ufa, nthawi zina ndi nyemba. Ba Zulu ankaphunzitsa, ine ndinkaphika, ndipo palibe kholo linkalipira kanthu.

Anali aafupi, a mawu aakulu ngati a kondakitala. Ankavala magambutsi chaka chonse, ngakhale m'chilimwe fumbi lili koboo, ati Kanyama sadalirika, ukhoza kutuluka kuli kouma n'kubwerera ukusambira. M'mawa ankaima pakhomo la holo, ndipo mwana aliyense polowa ankayamba wadutsa m'manja mwawo. Ankakanikiza chala paphazi kuona ngati latupa, ankayang'ana tsitsi ngati layamba kufiira, kenako ankamuuza kuti ayasamule n'kumununkhiza m'kamwa. Ankati mwana amene wagona ndi njala sabisika, fungo lake ndi lina. Akamupeza woteroyo ankangondiponyera diso, ine n'kudziwa kuti kapu ya ameneyo ndiitungire pansi pa mphika, pamene pamakhala polimba.

Maphunziro sankayamba ana asanadye. Alendo a ku ofesi ankadandaula nazo, ati pulogalamu imati nyimbo ndi zilembo ziyambe, phala libwere dzuwa litakwera. Ba Zulu ankawauza kuti mwana wanjala samva a e i o u, amangomva supuni ikamagunda mphika, ndiye ndi bwino supuniyo ithane naye kaye. Ankadanso ndi alendo obwera ndi nkhope zachisoni. Ankati ana awo si maliro, amene akufuna kulira akalirire panja.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, ndipo nkhani yake inali madzi. Unga ukachepa ndinkawonjezera madzi kuti phala likwanire onse. Iwo ankabwera kukhitchini, n'kuviika supuni, n'kuitembenuza. Phala likagwa msanga ankandiyang'ana ngati ndaba mbuzi.

"Amake Yona, iyi ni tiyi olo ni phala?"

Ine ndinkawayankha kuti ngati ali ndi unga kunyumba kwawo akautenge adzaphike okha. Tinkatha tsiku lonse osalankhulana. Mawa lake ankandibweretsera chinangwa chootcha chokulunga m'nyuzi, n'kuchiika pa tebulo. Kupepesa kwawo kunali komweko.

Makolo nawonso ankawalawa. Kunali kamnyamata kena kamene kankabisa phala m'chitini n'kupita nalo kunyumba. Ba Zulu atakafunsa bwinobwino anamva kuti amadya phalalo ndi bambo ake, munthu wamphumphu wokhala pa kachasu. Anavula epuloni n'kupita komweko ana ali m'kalasi. Anakawapeza bambowo atakhala pakhonde ndi anzawo, ndipo anawauza pamaso pa onse kuti ngati akufuna phala la boma abwere mawa m'mawa atavala kakabudula, akhale pa benchi, aimbe nyimbo pamodzi ndi anzawo. Komboni yonse inaseka nkhani imeneyo mpaka mwezi kutha. Bambowo sanawapatsenso moni mpaka kufa kwawo, ndipo ba Zulu sanataye nazo tulo.

Nasale yathu palibe anabwera kudzaitseka. Unga unayamba kudumpha miyezi, mkaka unasiyiratu, kenako ndi unga womwe unaleka kubwera. Malipiro athu anatsatira njira yomweyo. Ba Zulu ankapita ku ofesi, n'kukapeza anthu atakhala pa matebulo opanda kanthu, nawonso osalipidwa, akuwauza kuti abwerenso sabata yamawa. Anapitirizabe kutsegula holo. Ana ankabwera ndi makapu awo, ankaimba, ankayang'ana kukhitchini kumene ine ndinangokhala manja ali pamiyendo. M'mawa wina ba Zulu anaimitsa nyimbo pakati, n'kuwauza ana kuti azipita kwawo. Anandiuza kuti iwo sanaphunzire ntchito yoimbitsa ana anjala. Anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la diresi, ndipo sindikudziwa ngati alipo anadzawafunsa za kiyiyo.

Zaka zawo zomaliza anakhala kwa mwana wa mchemwali wawo, m'kachipinda ka kuseri. Maso anali atachita khungu, miyendo itatupa, koma pakamwa panali pomwe paja. Aliyense wobwera kudzawaona, kaya ndi wa ku tchalitchi kaya ndi wogulitsa malasha, ankamufunsa funso limodzi: "Enelesi munamuonako?" A m'nyumbamo ankayesa kuti ndi ukalamba, mwina akutchula mwana wawo amene anamwalira kale. Ba Zulu analibe mwana dzina lake Enelesi. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa amene akumufunsa, ndipo kuti mumvetse ndiyenera kuyamba ndi nkhani ya khutu.

Masiku amenewo ana ambiri m'komboni analibe pepala losonyeza tsiku limene anabadwa. Ena anabadwira m'nyumba, ena makadi awo a sikelo anapita ndi madzi a mvula. Ndiye msinkhu unkayezedwa ndi dzanja. Mwana ankakweza dzanja lamanja, kulidutsitsa pamwamba pa mutu, kuti agwire khutu lakumanzere. Akaligwira ndiye kuti wakula, azipita ku Giredi Wani. Akalephera ndiye kuti akadali wa nasale. Zinthu zili bwino, tsiku loyeza linali la chisangalalo. Amayi ankabwera kudzaonerera, mwana akagwira khutu nthungululu zinkamveka mpaka kumsika. Ba Zulu anachita kupeka nyimbo yawoyawo ya Giredi Wani, yotchula yunifomu, nsapato zakuda ndi chola cha mabuku cha kumsana, ndipo ana ankaiimba tsiku lililonse asanaweruke. Ankawauza kuti nasale ndi pakhonde chabe, nyumba yeniyeni ndi Giredi Wani.

Kenako dziko linayamba kutsetsereka. Makampani ankatseka, amuna n'kumangozungulira m'komboni dzuwa lili pamutu. Tinkaima pa mzere wa unga, wa mafuta ophikira aja timati saladi, wa sopo, nthawi zina osadziwa n'komwe kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Ku masukulu a pulayimale malo anadzaza, ndipo amene wapeza malo ankafunika yunifomu ndi nsapato, zinthu zimene makolo a ana athu sakanazikwanitsa. Choncho mwana akagwira khutu ankachoka ku nasale osapita kulikonse. Ankataya kapu yake ya phala, n'kukathera pamsewu kapena ku miyala.

Ba Zulu ataona zimenezi kangapo, tsiku lina anatseka chitseko cha holo n'kuyamba phunziro latsopano. Anawaimika ana aakuluakuluwo pamzere n'kuwaonetsa: khosi alitambasule m'mwamba, phewa likhale pansi, chigongono chisapindike kwambiri, zala zifike pamwamba pa khutu n'kuima pomwepo ngati zatopa. Anawauza kuti ndi masewera, dzina lake dzanja lalifupi, ndipo wopambana ndi amene walephera mokongola kuposa anzake. Ana ankaseka mpaka kugwa. Ankayeserera tsiku ndi tsiku, ena mpaka kutulutsa lilime kusonyeza kuti ayesetsa ndithu koma zakanika.

Ine sizinandisangalatse, ndipo ndinawauza. Ndinati, "Ba Ticha, imwe mumavala yunifomu ya ku tchalitchi, manje muphunzitsa bana boza?" Anati mlandu umenewo akauyankha okha kumwamba, ine ndisavutike nawo, ndipo Mulungu naye ali ndi maso, mzere wa unga akuuona.

Enelesi anali katswiri pa masewera amenewo. Kanali kamtsikana kowonda, ka manja aatali, ka maso aakulu. Bambo ake anali atamwalira ndi matenda aja amene anatha anthu zaka zimenezo, ndipo mayi ake ankaphwanya miyala pamsewu waukulu akutsokomola. Enelesi ankabwera ku nasale atabereka mlongo wake Gifiti, khanda longoyamba kuyenda. Lamulo silinkalola makanda, koma ba Zulu ankati iwo sakuona mwana, akuona nsalu. Kapu inali imodzi. Enelesi ankamukhazika Gifiti pamiyendo, n'kumauzira supuni, kumudyetsa mpaka akane yekha, iye n'kumaliza zotsalazo ndi chala. Ana awiriwo ankakhalira kapu imeneyo, ndipo tonse tinkadziwa kuti kunyumba kwawo moto suyaka tsiku lililonse.

Msinkhu wa nasale anali ataupitirira kalekale. Zilembo ankazidziwa zonse, ankatha kulemba dzina lake ndi la Gifiti pansi ndi kamtengo, ndipo ba Zulu akatuluka ndi iye ankatsogolera anzake. Nyimbo ya Giredi Wani ankaiimba mokweza kuposa onse. Poweruka ankaima pamphambano, mwana ali kumsana, kuonerera ana a yunifomu akudutsa. Koma pa tsiku loyeza ankatambasula khosi, phewa pansi, zala n'kuima pamwamba pa khutu, nkhope ili yomvetsa chisoni ngati zoona. Anapulumuka choncho kangapo.

Tsiku limene ndikunenali kunabwera mtsikana wa ku ofesi amene sitinkamudziwa. Anabwera wapansi, nsapato zili mbuu, chifukwa galimoto ya ofesi inalibe matayala. Anauza ba Zulu kuti unga wachepa kwambiri, ndipo alamulidwa kuti ana onse opitirira msinkhu achotsedwe, chakudya chizibwera cha otsalawo basi. Ana anaima pamzere. Woyamba analephera, wachiwiri analephera, anyamata otalika ngati Giredi Thuu onse manja aafupi. Mtsikanayo sanali wopusa. Ndinaona pakamwa pake pakugwedezeka, kaya kufuna kuseka kaya kukwiya. Sanakalipe. Ananjuta kuti alingane ndi ana, n'kulankhula mokoma.

"Imwe bana, simufuna kuyenda ku Giredi Wani? Wamene azagwila khutu ni mukulu. Azavala yunifomu, azanyamula chola."

Mpaka lero sindikhulupirira kuti anatchera msampha. Ananena zimene munthu wamkulu aliyense amanena kwa mwana.

Wotsatira anali Enelesi. Gifiti anali atamusiya pamapazi panga pakhomo la khitchini. Anayamba bwinobwino, khosi m'mwamba, phewa pansi, zala n'kuima pamalo pake. Kenako anamuyang'ana mlendo uja. Ndinaona khosi likutsika pang'onopang'ono, chigongono chikupindika, dzanja n'kutsetsereka mpaka kuligwira khutu lonse, mpaka kunsi kwake kofewa kuja. Anatembenukira kwa ba Zulu osalisiya, nkhope ikuwala, mano onse pamtunda.

"Ba Ticha, nafika."

Ndinkayembekeza kuti ba Zulu akalipa, kapena anena kuti mwanayo wapendeketsa mutu, ayesenso. Anaima magambutsi ali pamodzi, akumuyang'ana mwana amene ankadikira kuti aphunzitsi ake akondwere naye. Kenako anakweza manja n'kuyamba kuwomba.

"Wafika, mwana wanga," anatero. "Wafika zoona."

Ana ena aakulu ataona kuti kukuwombedwa m'manja anayamba kukweza manja awo. Ba Zulu anakuwa kuti nthawi yosewera yakwana, onse panja, ndipo anachita kuwakankha ngati nkhuku.

Pakhonde anamugwira mlendo uja pamkono. Anamuuza za mayi wotsokomola, za Gifiti, za kapu imodzi. Anayamba ndi ukali, n'kumaliza ndi kupempha, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu. Mtsikanayo misozi inali m'maso. Anati, "Amayi, nikamusiya uyu, unga siuzachuluka. Chosani wina. Sankhani mweka, ine nizavomela." Ba Zulu anayang'ana pabwalo pamene tiana tinkathamangitsana m'fumbi, timimba tili patsogolo. Sanatchule dzina la mwana aliyense, ndipo mlendoyo anachotsa dzina la Enelesi n'kupita.

M'mawa mwake Enelesi anabwera atasamba, tsitsi atapesa, kudzafunsa kuti ku Giredi Wani apita liti. Ba Zulu anati posachedwa. Anayenda sukulu ndi sukulu kumufunira malo, za m'Kanyama, za m'makomboni oyandikana, mpaka ku Matero. Kulikonse ankawaonetsa ana atakhala pansi mothithikana mpaka pakhomo, n'kuwauza kuti ayesenso chaka chamawa, ndipo mwanayo adzabwere ndi yunifomu. Tinkafuna kuti azibwerabe ku holo mwakachetechete, tizimupatulira pa za anzake. Koma mayi ake atamva kuti boma lanena kuti mwana wakula, ndipo sukulu kulibe, anamutenga kuti azikawathandiza ku miyala. Sindingawaweruze mayi amenewo, chifukwa nyundo inali itayamba kuwalemera. Gifiti anali wamng'ono kwambiri kuti alembedwe payekha, ndiye anapita ndi msana umene unkamubereka.

Ba Zulu ankatenga kapu yawo, n'kuivundikira ndi mbale, n'kupita nayo kumsewu ana akaweruka. Ankawapeza awiriwo ali oyera ndi fumbi la miyala. Koma ndi nthawi yomweyo imene unga unayamba kudumpha miyezi, ndipo masiku ena kunalibe choti anyamule. Phala langa linasanduka tiyi weniweni, ndipo supuni ija sanaitembenuzenso. Mvula itayamba, Gifiti anatupa mapazi ndi nkhope. Ba Zulu anathamanga naye ku kiliniki, anapatsidwa malangizo oti mwanayo azidya zakudya zopatsa thanzi. Anamwalira madzi asanaphwe m'komboni. Mayi ake anatsatira chaka chisanathe.

Pamaliro a mayiwo panabwera mzimayi wina amene anati ndi azakhali, n'kumutenga Enelesi kuti azikalera ana ake ku komboni ya Chaisa. Ba Zulu anapita ku Chaisa kangapo, kulowa njira ndi njira, kufunsa pa mipopi ndi m'misika. Ena ankati banjalo linasamukira ku Kalikiliki, ena ankati sanamvepo dzina lotero. Wina anadzatiuza kuti anamuona m'tauni akutsogolera wakhungu wopemphetsa, koma atafunsidwa bwino anati mwina sanali iyeyo. Mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo.

Nkhaniyi sitinkaikamba. Anaitchula kamodzi kokha, atakalamba kale, ndili kuwadula zikhadabo pakhonde. Anati anthu akamva angaganize kuti chimene chimawasowetsa mtendere ndi boza lija anaphunzitsa ana, koma ayi, limenelo akhoza kuliphunzitsanso mawa. Chimene chinkawadya ndi nyimbo ija ya Giredi Wani. Anati mwanayo anamvera zonse ziwiri zimene anamuphunzitsa, ndipo pa tsiku lija inapambana ndi imene anamuphunzitsa ndi mtima wonse. Ndinangopitiriza kudula zikhadabo.

Pochokera kumanda Loweruka ndinatsika basi pamsika, n'kuzungulira kuseri. Holo ikadalipo, makoma okha. Malata anapita kale, mafelemu a mawindo anazulidwa, chitseko kulibe. Pansi simenti inasweka, ndipo m'ming'alumo mwamera bonongwe ndi chisoso. Kumene kunali khitchini yanga anthu amatayako zinyalala, koma khoma likadali lakuda ndi mwaye. Kumbuyo kuli tizimbudzi tating'onoting'ono timene tinamangidwira ana, tofika m'bondo, todzaza mchenga ndi mapepala a pulasitiki. Pakhoma la kutsogolo zilembo zinafufutika, kwatsala chithunzi cha nsomba yopanda mutu ndi theka la nambala.

Munali ana angapo akusewera, opanda nsapato, a msinkhu womwe uja. Kamtsikana kena kanali katakhala pa chigubu cha madzi pamene panali pakhomo. Kanandiona ndikuyang'anayang'ana, n'kundifunsa.

"Ambuya, muno munali chani kudala?"

Ndinati munali sukulu ya ana aang'ono ngati iyeyo.

"Yolipila zingati?"

Ndinati inali ya mahala, yosalipira kanthu, ya boma, ndipo mwana aliyense ankalandira kapu ya phala la mkaka ndi shuga m'mawa uliwonse. Kanandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako kanaitana anzake kuti abwere adzamve. Onse anaseka. Anayesa ndikuwanamiza.